Kalata kwa Agogo a m'Tsinde mwa Phiri la Chikala

Okondedwa Agogo,

  Dzina lanu ndi la mudzi wanu sinditchula, monga munandipempha, poti munati simufuna alendo obwera ndi makasu usiku kudzafunsa pamene panakwiriridwa chuma. Koma kalatayi ndaiika poyera mwadala, kuti aphunzitsi anzanga a ku Machinga ndi Balaka, mafumu athu, ndi akuluakulu osamala za makedzana aimve nawo. Mdzukulu wanu uja wa Fomu 2 akuwerengereni pang'onopang'ono madzulo mukatha kuswali, ndipo pamene mawu anu ndawakhotetsa mumuimitse kuti adzandiuze.

Mwina munadabwa ndi nkhope za ana anga titafika pamwamba, ndiye ndikuuzeni zimene ankayembekezera. M'buku limene timaphunzira kusukulu muli chithunzi cha Great Zimbabwe, malinga amiyala ofika mamita 11 kutalika kwake, osanjidwa popanda matope kapena simenti. Nditauza a kalabu yathu ya mbiri kuti tikaona mudzi wakale pa phiri la Chikala, chithunzi chimenecho ndicho chinabwera m'mitu mwawo. Njira yonse, kuchoka pa depoti ya Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukhotera msewu wa ku Ntaja, mpaka pamene tinatsika minibasi n'kukwera kabaza, nkhani inali ya mafoni: ajambule ndani poyamba, aime pati. Tinakwera phiri thukuta lili kamukamu, inu patsogolo ndi ndodo yanu, kufikira munaima pa kabwalo kena palupsa, pakati pa miombo ndi miyala, n'kunena kuti tafika. Mnyamata wina sanaugwire mtima. "Tafika pati, agogo?" Anzake anaseka, koma funsolo linali la tonse.

Simunamuyankhe. Munangowerama, n'kukanda ndi ndodo m'tsinde mwa chitsa, n'kutola kaphale kosadzaza chikhatho. Munamupatsa mnyamata uja m'manja n'kumufunsa ngati kanali ka mphika kapena ka mtsuko. Iye anapukusa mutu. Munamuonetsa mwaye umene unalowerera kunja kwake, n'kumukumbutsa kuti mtsuko wa madzi sukhala pamoto. Munamuonetsa mlomo wake wopindikira kunja, ndi timizere topingasa timene woumba anatema ndi kamtengo dothi lisanaume. Chakumkati kunali kadzenje kosaya, ndipo munamuuza kuti aikepo chala chachikulu. Chinakwana ndendende. Munati pamenepo m'pamene mayi woumbayo anagwira pozunguliza mphika wake. Kuyambira pomwepo mafoni analowa m'matumba, ndipo ana anayamba kuyenda choweramira, maso ali pansi.

Mudzi unayamba kudzuka pang'onopang'ono. Miyala itatu yakuda, imene ife tikanaiponda n'kudutsa, munati ndi mafuwa. Ina yoyalidwa mozungulira, motalikirana pang'ono, munati panakhala nkhokwe, poti mwini wake anaikweza kuopa chiswe ndi chinyezi. Pamene dothi linali lotuwa ndi lofewa munati ndi padzala, ndipo munatiuza kuti tikadzabwera dzinja tidzapeza bonongwe ndi chisoso zitamera mothinana pomwepo, chifukwa phulusa ndi zinyalala za pakhomo sizitha mphamvu msanga. Mwana wina anafunsa kuti mumadziwa bwanji zonsezi pamene inu simunakhalepo pamudziwo. Munati atsibweni anu ankakutengani pokafula uchi muli mnyamata, ndipo iwowo anaonetsedwa ndi amayi awo, amene anabadwira pomwepo. Ine ndinawerengera mumtima kuti pakati pa inu ndi mudzi umenewo pali milomo iwiri yokha.

Pa thanthwe lija lakum'mawa panali maenje osalala, otalika pafupifupi mkono. Munati amayi ankaperapo mapira ndi mawere, chimanga chisanalande munda wonse ndiponso zigayo zisanabwere. Mtsikana wina wa Fomu 3 anagwada kuti ayeserere ndi mwala umene anatola pambali, ndipo anadzuka msanga mawondo akuwawa. Munaseka mpaka kutsokomola, kenaka munamuuza kuti awerengere yekha: dzenje lakuya chonchi pa mwala wolimba chonchi, inathera misana ya amayi angati pamenepa? Kusukulu timangoti makolo ankapera pa mphero, mwana n'kulemba, n'kukhoza mayeso, osadziwa kuti chakudya cha tsiku limodzi chinkadya m'mawa wonse wa munthu.

Zimene zandikhala m'mutu kwambiri ndi zibuma zija zofiira, zolimba gwa. Mkati mwake munali timakwawa toongoka, ndipo munati ndi m'mene munadutsa nsichi ndi mbariro, dothilo ndi lomata chipupa. Nyumba yomata ikasiyidwa, mvula imaisungunula, chiswe chimadya mitengo, ndipo pakatha zaka zowerengeka pamangotsala kachulu. Dothi lokhalitsa ndi lokhalo limene linapsa. Ndiye kuti nyumba imene tinaimapo inatha ndi moto. Ana anafuna kuti munene kuti inatenthedwa pa nkhondo, ndipo ena anali atayamba kale kulemba zimenezo m'makope. Inu munakana. Munati kaya ndi nkhondo, kaya mwana ankasewera ndi chikuni, kaya ndi moto wa m'tchire umene unapeza nyumba eni ake atasamuka kale, atsibweni anu sanakuuzeni, ndiye inunso simungapeke. Agogo, ambiri oonetsa alendo malo amathira mchere wambiri kuti nkhani ikome, dzanja la mlendo lilowe m'thumba mozama. Inu tsiku lonse lija munkasiyanitsa zimene munaona, zimene munauzidwa ndi zimene mukungoganizira. Kusiyanitsa kumeneko ndiko ine ndimalandirira malipiro kuti ndiphunzitse, ndipo kuchokera pa bolodi ana amakumva movutikira.

Titakwera pa mwala waukulu uja, dziko linali pansi pathu: chigwa cha Chilwa ndi madambo ake a mpunga, chilumba cha Chisi, mapiri a Malosa ndi Zomba, ndi mapiri a ku Mozambique kutsidya kwa nyanja. Ana anati eni mudzi ankadziwa kusankha malo okongola. Inu munaloza kumunsi, kukhwawa kumene kuli kasupe, n'kufunsa atsikana kuti ndani angavomere kukwera ndi mtsuko pamutu kuchokera kumeneko m'mawa ndi madzulo chifukwa choti pamwamba n'pokongola. Onse anangoti zii. Munthu samanga pamiyala, kutali ndi madzi ndi dimba, pokhapokha kumunsi kutaopsa. Mwala umenewo munati unali wa alonda, poti fumbi la anthu obwera limaoneka iwo akadali kutali.

Pano ndiikepo za m'mabuku, kuti ena owerenga amvetse nyengo imene munkanena. Ayao a fuko la Amachinga analowa m'dera lino chapakati pa zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique, atakankhidwa ndi njala ndi nkhondo kwawoko. Anapeza Anyanja ndi Amang'anja akulima m'mbali mwa Shire ndi Chilwa. Ambiri poyamba analandiridwa monga alendo, koma alendowo ankadziwa njira ya kugombe, ku Kilwa ndi Quelimane, kumene minyanga ya njovu ndi anthu zinkasinthidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti za gogodela ndi wonga. Wokhala ndi wonga ndiye anasanduka mwini dziko. Pamene David Livingstone ankafika ku Chilwa mu Epulo 1859, malondawo anali atayamba kale kudya midzi. Mafumu monga Kawinga, Liwonde, Malemia ndi Jalasi anakula m'nyengo imeneyo. Komatu nawonso anali ndi owasowetsa tulo: Angoni a Maseko a kumapiri a Ntcheu ndi Dedza, amene mu 1884, nthawi ya Chikusi, anawoloka Shire n'kusakaza midzi mpaka kufupi ndi Zomba ndi Blantyre. Choncho phiri linali linga la wamphamvu, linalinso pothawira pa wofooka.

Kawinga anakhazika likulu lake pa Chikala pomwepa. Dziko lino litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Captain Cecil Maguire ndi John Buchanan anabwera ndi asilikali chakumapeto kwa chaka chomwecho, koma phiri linawakanika ndipo Maguire anavulala. Kumayambiriro kwa 1895 ankhondo a Kawinga anatsikira kwa Malemia, kufupi ndi mishoni ya Domasi, ndipo anabwezedwa ndi kagulu ka Atonga ndi asilikali achisikhi ochokera ku India. Posakhalitsa Alfred Sharpe ndi Captain William Manning anakwera Chikala n'kulanda likululo, Kawinga n'kuthawira mbali ya Apwitikizi. Chaka chomwecho Jalasi anagonjetsedwa pa phiri la Mangochi. Inu zaka zimenezi ndi maina a azunguwa simunatchule. Munangoti pa nkhondo ya azungu anthu anamwazika, ndipo bata litabwera anatsika kutsata madzi ndi minda, osabwereranso. Koma ndondomeko yanu ndi ya m'mabuku sizinasemphane.

Kenaka panabwera funso lija. Mtsikana wachete, amene m'kalasi sakweza mkono, anafunsa maso ali pansi: "Agogo, ndiye kuti makolo anu ankagulitsa anthu?" Mtima wanga unadumpha. Tinali alendo anu, pamalo a makolo anu, titamwa thobwa la pakhomo panu m'mawa womwewo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndisalaze, koma munandiletsa ndi dzanja. Munakhala pa mwala, n'kuvula chisoti, n'kuchibwezanso pamutu.

"Eya mdzukulu wanga, ankagulitsa," munatero. "Koma amayi a agogo anga anafika pa phiri lino ali m'goli, atagwidwa kudambo pochokera kotunga madzi. Kugombe sanawapititse. Mwini mudzi anawasunga n'kuwakwatira. Ndiye ine ndikati makolo anga, ndikunena wogwira ndi wogwidwa yemwe. Nditukwane uti, nditamande uti?"

Zimene munanenazo zili ndi tsinde lake. Kwa ife otsata mbumba ya kuchikazi, ana ndi a kwa mayi, ndipo atsibweni awo akhoza kuwatenga tsiku lililonse, bambo n'kutsala manja ali m'khosi. Koma mkazi wogwidwa analibe mlongo woti adzaitanitse ana, choncho ana ake ankakhala a mudzi wa bambo mpaka kalekale. N'chifukwa chake mfumu yofuna kukulitsa mudzi inkakonda kutumiza amuna kugombe n'kusunga akazi ndi ana. J. Clyde Mitchell, amene anakhala m'midzi ya Ayao a dera lino chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anafotokoza za mabanja ochokera kwa akazi oterewa m'buku lake la The Yao Village, lomwe linatuluka mu 1956. Koma bukulo lili m'Chingerezi cha ku yunivesite, ndipo kumudzi nkhaniyi imanenedwa monong'ona, apo ayi imatuluka pa mkangano wa ufumu kapena wa munda, wina akafuna kutonza mnzake. Inu munainena dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa ana, za magazi anu omwe.

Mundilole ndifotokoze chifukwa chake zinandigwira mtima chonchi. M'kalasi mwanga muli Ayao, Angoni, Alomwe, Amang'anja ndi Achewa, ndipo ambiri bambo ndi wa uku, mayi wa uko. Mutu wa malonda a akapolo ukafika, timanotsi timene ana amaloweza pokonzekera mayeso timagawa anthu m'magulu: awa ankagulitsa, awa ankaphwasula midzi, awa ankagwidwa, azungu anadzapulumutsa. Ndiye pa buleki umamva wina akuitana mnzake kuti wogulitsa anthu, mnzakeyo n'kubweza kuti kapolo iwe. Onse amaseka, koma ena kusekako kumawathera panjira ya kunyumba. Chibwerereni ku Chikala nthabwala imeneyi yazilala. Sindikuti yatha, ana ndi ana. Koma mtsikana anafunsa uja anapita kwa agogo ake ku Ulongwe kukafufuza kumene mbumba yawo inachokera, ndipo anabwera ndi masamba a kope odzaza mbali zonse, ena ataloleza kuti ndiwerenge, ena atawapinda.

Azungu nawo simunawadzoze mafuta. Munavomera kuti goli linatha chifukwa cha mfuti zawo, koma munakumbutsa ana kuti asilikali omwewo ankatentha nyumba ndi nkhokwe za anthu wamba, ndipo pambuyo pake panabwera msonkho wa nyumba ndi thangata.

Chifukwa cha inu ndayamba kuona mwina nkhani yonse ya mabwinja m'dziko muno. Munthu akafuna makoma oimirira m'chigawo chathu chino, amutengera pa phiri la Mangochi, pamene makoma amiyala a Fort Mangochi akadalipo. Koma makomawo anamanga ndi atsamunda atathamangitsa Jalasi. Mudzi wa Jalasi weniweniwo, umene unali pa phiri lomwelo, unali wa mitengo, dothi ndi udzu, ndipo unabwerera m'nthaka. N'chimodzimodzi Fort Lister ku Phalombe, matchalitchi a njerwa a ku mishoni, ndi nyumba zakale za boma ku Zomba. Tikamati mbiri ndi chokhacho choimirira chimene tingachijambule, ndiye kuti mbiri ya dziko lino iyambira pa njerwa ya mzungu. Zathu zinagona pansi, ndipo zogona pansi zimafuna munthu woti aziwerenge. Alendo amadzaza magalimoto kukajambulitsa ku zipilala za Malape, zosemedwa ndi madzi a mvula, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Kungoti amabwerera osadziwa kuti m'mapiri a boma lomweli muli mafuwa a anthu.

Ngakhale kumene makoma alipo nkhaniyi inavutanso. Ku Arizona, m'dziko la America, kuli mabwinja a anthu amene akatswiri amawatcha Sinagua, alimi a chimanga, nyemba, maungu ndi thonje. Nyumba yawo yotchuka inamangidwa m'phanga la thanthwe lalitali, ya nsanjika 5 ndi zipinda pafupifupi 20, ndipo eni ake anachokamo cha m'ma 1425. Azungu ofika kumeneko m'zaka za m'ma 1800 anangoganiza kuti inali ya Montezuma, mfumu ya Aaziteki ya ku Mexico, ndipo mpaka lero malowo amatchedwa Montezuma Castle, chonsecho mfumuyo inabadwa nyumbayo itasiyidwa kale. Ahopi, amene mafuko awo ena amati anachokera m'midzi imeneyo, analipo nthawi yonseyi, kungoti ofikawo sanawafunse. Ku Great Zimbabwe nako, Karl Mauch atafika mu 1871 anati ndi za Mfumukazi ya ku Seba, ndipo zinatengera kufukula kwa David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 kuti ophunzira avomere kuti anamanga ndi eni dziko. Ngati nyumba ya nsanjika 5 inapatsidwa mwini wabodza, nanga kaphale ka pa Chikala adzakanenera ndani? Mulungu akusungeni, Agogo, koma funso limeneli landivuta.

Potsika munaima n'kufunsa modekha ngati alipo amene wanyamula kanthu. Simunayang'ane munthu. Patapita kanthawi mnyamata wina anatulutsa phale la timizere tokongola m'thumba la buluku. Simunamukalipire, munangobwerera naye kuti akalisiye pamene analitola penipenipo, osati paliponse. Munati za pabwinja zili ndi eni ake, monga manda aja munatiletsa kuloza ndi chala. Akatswiri ofukula zakale amanena zomwezo m'chilankhulo chawo. Phale likachoka pamalo ake limasanduka dothi wamba, chifukwa chimene chimalankhula ndi kuya kumene linali, ndi makala, mafupa kapena mikanda imene linagona nayo. Makalawo ndi amene amayezedwa ku labotale kuti zaka zidziwike. Ndi mmene zinadziwikira kuti mapale amene Keith Robinson anafukula pa Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, ndi a alimi ndi osula zitsulo a zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ndi mmenenso Dr Yusuf Juwayeyi, pofukula pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, likulu la a Kalonga a Amaravi, anapezera mikanda yagalasi ya ku Asia ndi ku Ulaya, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi zibangili za minyanga, zomwe anazifotokoza m'buku lake la mu 2020. Ana ambiri sakhulupirira kuti mbale ya ku China inafika ku Dedza mzungu asanamange nyumba m'dziko muno, koma nthaka inasunga umboniwo chifukwa palibe anaulowetsa m'thumba. Ku Montezuma Castle kuja boma linateteza malowo mu 1906, koma mu 1951 linaletsa alendo kukwera makwerero kulowa m'zipinda, poti mapazi ndi manja awo ankawononga. Kwathu kuno lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kufukula kapena kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo. Tsiku lija pa phiri panalibe wapolisi kapena mlonda wa boma, munaliimirira ndinu.

Zimene munatidandaulira ndazisunga. Mauvuni a makala akukwera phiri chaka ndi chaka, ndipo wootcha makala akafuna dothi lokwirira uvuni amakumba pofewa, pofewapo ndiye padzala. Minda nayo ikukwera, khasu likuphwanya zimene chiswe chinasiya. Mitengo ikatha madzi amathamanga. Ngalande ija tinawoloka mogwirana manja munati inakula ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo m'khoma mwake mapale anali pambalambanda, ena atakokoloka kale. Ootcha makala simunawanyoze, inenso sindiwanyoza, poti matumba aja amandanda m'mbali mwa msewu wa Liwonde amathera pa mbaula za ife a m'tauni, a malipiro a pamwezi. Amene munawakwiyira ndi okumba chuma, amene amamva mphekesera za ndalama za azungu kapena minyanga yobisidwa, n'kusiya maenje mpaka m'mphepete mwa manda.

Pa chinthu chimodzi, Agogo, ndikupempha kusiyana nanu maganizo, ndipo ndikunena nditagwada. Inu mukuti malowa asungika chifukwa chosadziwika, ndipo chikwangwani chingoitana akuba. Za chikwangwani ndikugwirizana nanu, n'chifukwa chake polowera sindinalembe. Koma kusadziwika sikuletsa uvuni kapena madzi osefukira, ndipo zimene zili m'mutu mwanu sizinalembedwe paliponse. Adzukulu anu aamuna munati nokha kuti maso awo ali ku Joni, kuphiri amangopita kukadula nsungwi. Ndiye ndikupempha akuluakulu a nthambi ya boma ya Museums and Monuments, ndi ophunzira za mbiri a ku University of Malawi ku Zomba, komwe n'kufupi, kuti akadzabwera adzayambire kwa amfumu ndi kwa inu, adzajambule mapu a malowa ndi mawu anu m'Chiyao ndi m'Chichewa, dothi asanalikhudze. Njira za akapolo za m'Malawi zinaikidwa mu 2011 pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi UNESCO, ndipo mudzi wa paphiri ngati uwu ndi mbali ya nkhani yomweyo, poti ena ulendo wawo unkayambira pano, ena unkathera pano.

Aphunzitsi anzanga, sukulu zathu zambiri zili pafupi ndi bwinja ndi nkhalamba yolidziwa: m'mapiri a Chinduzi, Mongolowe ndi Chaone, m'mbali mwa Shire ndi Rivirivi, ngakhale m'kati mwa Liwonde National Park, m'mene munali midzi malowo asanakhale paki mu 1973. Chofunika ndi ndalama ya minibasi ndi ulemu woyamba wafika kwa amfumu. Nthawi yabwino ndi pamene udzu wapsa, nthaka ili poyera.

Mundiperekere zikomo kwa amfumu potilola kukwera, ndi kwa mnyamata uja ananyamula chigubu cha madzi phiri lonse osadandaula. Amayi aja anatiphikira mpunga, nandolo ndi matemba a m'Chilwa muwauze kuti ana akukambabe za fungo la mpunga wawo. Kandalama kamene tinasonkha munakakana mpaka amfumu analowererapo. Kanali kochepa, tikudziwa.

Atsikana a kalabu andituma. Pobwerera anaona agogo aakazi akusalaza mphika ndi chigoba cha nkhono kuseri kwa nyumba, ndipo akuti pamudzi ponse atsala okha oumba. Akufuna adzakhale nawo tsiku lathunthu, kuyambira kokumba dothi mpaka kuumba, ndipo lowotcha adzabwerenso. Akuti inu ndi ine tidzakhale kutali pansi pa mango, poti amunafe tayankhula kale mokwanira. Ngati agogo avomera, tingabwere Loweruka lina mvula isanagwe, poti Lachisanu mumakhala ku mzikiti. Yankho mutumize pa foni ya mdzukulu wanu. Ndapatsira kondakitala wa minibasi ya ku Ntaja kaphukusi ka shuga, masamba a tiyi ndi mabatire a wailesi, akasiya pa golosale ya pa siteji pamene tinatsikira paja.

Ine mdzukulu wanu,
Mphunzitsi wa mbiri,
Balaka